Ufa umene ndinakonzera a Chanda

Anzanga amene tinali nawo giledi 9 chaka cha chilala chija tinkadya chimanga chachikasu, ena lero ndi manesi, wina ndi wapolisi. Mabvuto, amene ankaonera masamu kwa ine (inde, kwa ine), akuphunzitsa ana a anthu. Ine ndimalima thonje ku Madzimoyo. Chinatisiyanitsa ndi chidebe chimodzi cha ufa.

Sukulu yathu inali yogonera komweko, cha ku Chiparamba. Ndimaikumbukirabe: nyemba zofumbwa, kuthirira kabichi dzuwa lisanatuluke, belu lachitsulo cha gudumu la thirakitala. Koma koposa zonse ndimakumbukira a Chanda, mphunzitsi wathu wa masamu, Mbemba wa ku Kasama. Mukudziwa kuti ife akum'mawa ndi Abemba tili pa chimbuya: timanyozana (iwo amati timadya mbewa, ife timati amadya anyani), timathirana ufa paukwati ngakhale pamaliro, ndipo wokwiya ndiye wopusa. A Chanda ankachigwiritsa ntchito chimbuyacho ngati choko. Akalowa m'kalasi ankayamba ndi kununkhiza.

"Ndani wadya mbewa m'mawa uno? Iwe Kambewa, bwera kubolodi."

Kambewa ndinali ine, chifukwa cha kufupika. Kalasi yonse inkagwa ndi phwete, ine mtima uli phuphuphu. Dzinalo linafala mpaka kwa ophika. Pulifekiti wina atandiitana nalo pamzere wa chakudya, ndinamuveka mbale ya nyemba kumutu. Ahedi anaitanitsa atate, amene anali kalaliki wamanyazi kwambiri, ndipo pachipata atate anandiuza motsitsa mawu: "Mwanawe, akakubwezanso, khasu lako lili kuseri kwa nkhokwe. Sindidzabweranso kudzagwada pano."

Ndinakhala phee pafupifupi temu yonse. Kenako a Chanda anakwatira.

Lolemba lake paasembule, a Jere ndi a Mayi Tembo, aphunzitsi akwathu, anawathira ufa kumaso, pang'ono chabe, wapachikhatho. A Chanda anangoima n'kumaseka, ali mbuu. Ahedi nawonso anaseka. Ine ndinakodola Mabvuto.

"Waona? Munthu wamuyeretsa mphunzitsi pamaso pa ahedi, mlandu palibe."

"Iwe, ajawo ndi akuluakulu okhaokha."

"Chimbuya chilibe giledi," ndinatero ine, katswiri wa miyambo.

Ndinapita kukhichini n'kunyengerera wophika kuti andipatse ufa. Woyera kunalibe, unali wachikasu uja wa chilala. Wapachikhatho ndinauona kuchepa poyerekeza ndi zimene munthuyo anandichita, ndiye ndinadzaza chidebe chothiririra kabichi. Chidebecho chinali chonyowa, ufa wapansi unasanduka phala (ndinaona, koma ndinati ndiye bwino). Masamu anali pambuyo pa buleki. Ndinakokera desiki kuseri kwa chitseko, ndinakwerapo, chidebe m'mwamba. Atsikana anatseka pakamwa ndi manja. Mabvuto anasamukira kumbuyo kwenikweni.

Nsapato zinamveka pakhonde, go, go, go. Chitseko chitangotseguka ndinakhuthula zonse, ndikufuula: "Ukwati wabwino, wodya anyani iwe!"

Palibe anaseka.

Fumbi litatsika ndinaona suti yakuda. A Chanda analibe suti. Anali a Mubita, achiwiri kwa ahedi, Mlozi wa ku Mongu, munthu amene sitinaonepo mano ake. Anabwera kudzatiuza kuti a Chanda apita kutauni kukatenga katundu wa akazi awo. Anavula magalasi pang'onopang'ono, kumaso kunatsala timabwalo tiwiri takuda, kwina konse chikasu. Phala lija linali kutsika m'kolala.

"Mnyamata, ine ndine mbuya wako?"

Apa munthu wanzeru akanagwada. Ine ndili padesiki pompo ndinati, "Sa, inunso mukanagogoda."

Madzulo ake a Chanda atabwerako anapita kukandipepesera kwa ahedi, akuti ufawo unali wawo, wangosochera. A Mubita anayankha kuti Alozi chimbuya chawo chili ndi Atonga, ndipo sutiyo sinagulidwire mbewa. Ahedi anandikumbutsa za mbale ya nyemba. M'mawa mwake ndinali pamsewu, thiranki pamutu. Nditafika kwathu atate sanandikalipire. Anangoloza kuseri kwa nkhokwe.

Patapita zaka zingapo ndinapita ku Mtenguleni kukaonera Ncwala, mwambo wa zipatso zoyamba kucha, nditavala shati yoyera yatsopano, chifukwa ndinali ndi Tisa amene ndinkamufunsira. Tili m'chigulu cha anthu ndinangomva kumbuyo: "Kambewa!" Potembenuka, ufa pwa! kumaso, m'makutu, m'thumba la shati. A Chanda, imvi zitayamba, akuseka mpaka kugwira mawondo.

"Umayamba waona nkhope, mwana wanga, kenako n'kuthira. Phunziro limeneli unalithawa."

Chibakera changa chinali chitakungika kale. Tisa anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Mukangoyerekeza, ine ndikwera basi ndekha." Ndiye ndinaseka, mano okha. A Chanda anandikumbatira, n'kumuuza Tisa kuti m'kalasi monse munalibe mutu wa masamu woposa wanga, kungoti unamera pamwamba pa tsabola.

Tisa anandilola. Koma dzina lija analitola tsiku lomwelo, ndipo mpaka lero akafuna kundiitana kumunda safuula lina. Ndimayankha. Kodi ndikakwiya ufa womuthira ndikautenga kuti, poti wosunga kiyi wa nkhokwe ndi iyeyo?