A Reinford ndi Mwendo wa Malemu Vinsenti

Amene anakhalako pa Madisi zaka zimene zimbale za kanema zinkangofika kumene sangawaiwale a Reinford Chimutu, munthu amene ankaopa kuonera ntchito ya manja ake. Mukapita kukatenga chimbale cha ukwati wanu, iwo ankachiika m'makina n'kuthawira pakhomo, kanema atamupatsa msana, maso ali pankhope panu, thukuta lili kamukamu ngakhale mu Juni.

"Sakudumpha?"

"Akudumpha pang'ono, a Reinford."

"Mayo ine!"

Ndipo ankadumphadi. Kamera yawo inali ya matepi, ndipo pa tepi anthu ankayenda ngati anthu. Koma akangosamutsira kanemayo pa chimbale kudzera pa kompyuta imene anagula kwa mzungu wina wobwerera kwawo ku Amereka, aliyense ankayamba kunjanja. Mkwatibwi wa aphunzitsi a Nedson analowa m'tchalitchi ngati nkhuku yoponda phulusa lamoto, mpaka apongozi ake anafunsa ngati mwanayo anali atalawako. Kwaya ya ku Msakambewa inaoneka ikuvina pa nyimbo ya Lenti.

Mankhwala a vutoli a Reinford anayesa onse. Chimbale anachipaka mankhwala otsukira mano. Pamwamba pa makina anasanjikapo njerwa kuti asagwedezeke. Mlandu unagwera magetsi, unagwera fumbi la fodya, mpaka unafika kwa akazi awo, mayi Roza, chifukwa chosinja pafupi ndi khoma.

"Mtondo wanga ukulowa bwanji m'chimbale?"

"Zamagetsi zimamva, mayi. Inu simungadziwe."

Anthu ankangoseka n'kulandira zimbale zawo, poti ukwati wodumpha ndi ukwati ndithu.

Lolemba lina kunabwera mayi Rebeka, namfedwa wochokera kumapiri a Ntchisi, atakulunga tepi m'chitenje. Amuna awo, a Vinsenti, anali atamwalira, ndipo chithunzi chawo panalibe ndi chimodzi chomwe kupatula tepi imeneyi. Anaijambula ansembe ena alendo pa Misa ya zokolola, a Vinsenti atanyamula dengu la mtedza kupita nalo kuguwa. Tepiyo inali itayamba nkhungu.

"Loweruka tikudalitsa chiliza chawo," anatero mayiwo. "Abale akubwera, ena kuchokera ku Kasungu. Mlamu wanga ali ndi makina a zimbale ndi batire. Ndikufuna adzukulu awaone agogo awo akuyenda."

A Reinford anavomera ndi pakamwa pokha. Mkwatibwi akadumpha anthu amaseka, banja n'kupitirira. Nanga malemu kudumpha pamaso pa abale awo, tsiku la chiliza chawo? Ankachita kuwaona m'maganizo adzukulu akuseka, mayi Rebeka atawerama.

Chimbale choyamba chinatuluka Lachiwiri. Anachisuzumira ndi diso limodzi: ansembe ankadumpha, amayi a zopereka ankadumpha, ngakhale mbuzi imene wina anaikokera kuguwa. Lachitatu anakana chakudya ndipo analamula kuti mtondo usamutsidwire kwa aneba. Sizinathandize.

Lachinayi, nzeru zitawathera, anachita chimene anali asanachitepo: anakhala pansi n'kuyang'anitsitsa kanema wawo. Anadina batani loyendetsa chithunzi chimodzichimodzi, akuwerenga ndi zala. Choyamba, phazi la ansembe lanyamuka. Chachiwiri, lasuntha. Chachisanu, lasunthanso. Chachisanu ndi chimodzi, lili pomwepo! Anawerenganso, n'kupeza zomwezo. Pa zithunzi zisanu zilizonse kompyuta inkabwereza chimodzi.

Anafufuza m'timabokosi ta pulogalamu, timene kuyambira kale ankaopa kutigwira, n'kupeza pamene panalembedwa NTSC, pambali pake nambala 30. Anatembenuza kamera yawo, anatembenuza makina oonetsera, ndipo konseko kunalembedwa PAL. Atasankha PAL pa kompyuta, nambala ija inasanduka 25. Apa m'pamene anazindikira kuti matepi akuno amayenda zithunzi 25 pa sekondi, pamene kompyuta ya mzungu ija inkafuna 30, ndiye zoperewerazo inkangodzazira.

"Mayi Roza! Kompyutayi ikuyesa tili ku Amereka!"

"Ndiye mtondo wanga ubwere?"

"Ubwere, ndipo muupepese."

Chimbale chatsopano chinali chosalala ngati mafuta. Ansembe ankayenda mwaulemu, amayi mwaulemu, mbuzi mwaulemu. Kenaka anatulukira a Vinsenti ndi dengu lawo: phazi limodzi bwinobwino, lachiwiri tsimphi! Mapewa pansi, dengu pendeke.

A Reinford anagwira mutu. Anapanga chimbale china, n'kupanganso china. Tchalitchi chonse chinali chitachira, koma munthu mmodzi yekhayo amene ntchitoyi inali yake ankakanabe.

Lachisanu masana a Reinford anakwera matola a ku Ntchisi, chimbale chili m'thumba la jekete, kuti akavomere okha kulephera lisanafike tsiku la anthu. Anapeza amayi akuphika thobwa, abambo akulimira njira ya kumanda. Mlamu uja analumikiza batire. A Reinford anaima pakhomo, chipewa chili m'manja.

"Mayi, onse ndawakonza. Koma bambo akukana. Ndayesa katatu. Mundikhululukire."

Mayi Rebeka maso awo anali pa kanema. A Vinsenti atatulukira ndi dengu, mayiwo anagwira pakamwa, n'kuyamba kuseka, misozi ikutsika.

"Ndi omwewo! Mumafuna kuwakonza chiyani? Ngolo inawagwera pamwendo ali mnyamata. Ine ndinakwatiwa nawo akutsimphina chonchi."

"Ndiye kuti... sakudumpha?"

"Akuyenda, bambo. Amuna anga akuyenda."

A Reinford anakhala pansi pomwepo pakhomo, ngati thumba la chimanga, ndipo akuti anamwa zikho zitatu za thobwa osapuma. Loweruka adzukulu anaonera kanayi, wamng'ono akuyeserera mayendedwe a agogo ake pabwalo, ndipo palibe amene anamuletsa.

A Reinford anatisiya patapita zaka zochepa, atadwala masiku owerengeka. M'chipinda chimene ankagwiriramo ntchito pano mumagulitsidwa feteleza, ndipo tikamadutsapo pamatiwawa. Pa maliro awo mayi Rebeka anabwera wapansi kuchokera kumapiri, atakalamba, mdzukulu wamkazi atawagwira dzanja. Achibale anawafunsa ngati anali mbale wa malemu.

"Ayi," anatero. "Koma mwana uyu anabadwa agogo ake atapita kale, ndipo mukamufunsa, akuuzani mwendo umene ankatsimphinira."