Chibwano cha Manang Bising

A Manong Pulong sankakupatsa moni asanakuyeze mutu. Funsani aliyense kuno ku La Paz. Ukangoima pakhomo pa kashopu kawo kokonzera mawotchi, tepi ya telala inali kale pamphumi pako, iwo akung'ung'udza manambala. Wansembe anamuyeza. Galu wa pasiteji anamuyeza kawiri, poti ulendo woyamba anayasamula.

Matendawa anayamba mu 1991, mng'ono wawo wogwira ntchito m'sitima zapanyanja atawabweretsera kompyuta ndi pulogalamu youmbira zinthu. Sinali yojambulira ndi dzanja ayi. Unkaiuza malo a kadontho kalikonse, manambala atatuatatu, iyo nkulumikiza timadonthoto, kenako nkumapaka mtundu ndi mthunzi mzere umodziumodzi, liwiro la nkhono. Tinadikirapo sabata yathunthu kuti tione mpira wonyezimira ukudumpha kamodzi. Ikayamba ntchito ankaifunditsa thaulo, ati mpunga sauvundukula usanapse.

Ine Dencio ndinali woitanira majipini, timabasi tathu tonyamula anthu, ndipo aliyense wowaseka madalawa ankakumana ndi ine. Maso awo atayamba kufooka, ntchito yowawerengera manambala inagwera ine, iwo nkumalemba pamakinapo. Ankati mawu anga ngakhale akufa amawamva.

Tsono panali Manang Bising, mayi wamasiye wogulitsa supu ya nkhumba pakona. Zaka zisanu a Manong akudya pamenepo, mawu achikondi osatuluka. Nzeru imene anapeza ndi iyi: aumbe mutu wa mayiyo, uzizungulira pa TV tsiku la chikondwerero cha tchalitchi chathu, anthu akaombera m'manja iwo afunsire. Manang Bising analola kulembedwa timizere kumaso ndi pensulo ya nsidze, nkukhala duu maola awiri makasitomala akulalata. Mkazi salola zimenezo kwa munthu amene sakumufuna. Manambala a miyezoyo anadzaza mapepala khumi ndi anayi, ndipo anandipatsa ine kuti ndikawasiye kushopu.

Panjira ndinakumana ndi Tibong, dalaivala wapakamwa.

"Dencio, abwana akowa akuyeza mkazi kapena bokosi la maliro?"

Sindikumbuka kuti chibakera ndinaponya liti. Chomwe ndikumbuka nchakuti titalekanitsidwa, pepala limodzi linali mu ngalande, inki itasungunuka yonse. Linali la kukamwa ndi chibwano.

Munthu wanzeru akananena. Ine, tsiku lowerenga titafika pamenepo, ndinanyamula pepala lakale, nkuyamba kupeka manambala mokweza ngati ndikuitanira okwera. A Manong anaima kamodzi kokha.

"Pachibwano 84, Dencio? Sizikukula?"

"Akuwerenga ndine kapena inu, madala?"

Anapepesa. Tangoganizani, anapepesa iwo. Ukonde wa timizere umene unaoneka pagalasi sakanatha kuuzindikira ndi maso awowo, choncho anafunditsa thaulo, makina nkuyamba kuphika. Masiku khumi ndi awiri ndinkadutsa pakhomopo ndikudziuza kuti mawa ndinena.

Tsiku lachikondwerero TV inaikidwa pabwalo la basiketi masana, La Paz yense atasonkhana, Manang Bising kutsogolo atavala diresi yatsopano. Mutu unaoneka cha kumbuyo, tsitsi lomangidwa bwino, khutu lenileni la mayiyo, anthu nkuyamba kuombera m'manja. Kenako unatembenuka. Chibwano chinatuluka ngati khasu, nkupitirira, nkukhota, mlomo wam'munsi utakwera kukagunda diso. Ndipo makinawo ankangobwereza, kuzungulira, kuzungulira. Anthu anaseka mpaka oimba malipenga anakhala pansi.

A Manong anazimitsa TV, nkunena kuti anayeza molakwa ndi iwo. Ine ndinamenya anthu awiri oseka, ngati kuti vuto linali kusekako. Manang Bising anapita kwawo osatembenuka. Kuchokera tsikulo supu ankawapatsa ndithu, koma osawayang'ana. Ukwati sunatchulidwenso.

A Manong anamwalira chaka chatha. Pamaliro, anthu akusewera makadi panja monga timachitira, ndinapita kukakhala pafupi ndi Manang Bising, tsopano tsitsi lonse mbuu. Ndinkafuna kuulula za pepala lija monong'ona, koma ine kunong'ona sindinaphunzire, ndiye anamva ndi onse, mpaka Tibong. Ndinayembekeza mbama, ndipo ndikanailandira. Mayiyo anangoyang'ana bokosi nthawi yaitali.

"Ndiye kuti sankandiona choncho?"

"Ayi, Manang. Chibwano chija chinali changa chopeka."

"Zaka zonsezi, Dencio."

Anatembenukiranso kubokosi.

Pashopu paja pano pamagulitsidwa mafoni, ndipo mwana aliyense amaumba nkhope ndi chala chimodzi mphindi isanathe. Msewu wathu uli ngati wina anauchepetsa. Ine ndimaitanirabe, koma jipini ikaima pakona pa Manang Bising ndimasiyira anzanga. Madalaivala amati Dencio wakalamba, mawu atha. Ndimawasiya aziganiza choncho.