Golide Wanga ndi Makotapela a ku Kabulonga

Nkhani iyi ndinkafuna kupita nayo kumanda. Koma amake Dalitso, mkazi wanga, aifotokoza kale ku ma kitchen party ndi kumaliro komwe, ndipo paliponse amathirako mchere wawo. Bola muimve kwa ine mwini manyazi.

Ndine Tembo, kalaliki pa ofesi ina ya inshuwalansi m'tauni. Timakhala m'mafulati a ku Kabwata, nsanjika ya pamwamba, kumene madzi a pampopi amafika atatopa. Matenda anga ndi amodzi: ndimalota dzuwa likuswa mtengo. M'minibasi ndimatha kupitirira siteji yanga chifukwa m'mutu ndikukhoma denga la nyumba imene kulibe.

Chaka chatha mnzanga wa kuntchito anandionetsa pa foni kampani ina yaing'ono yofufuza golide. Masheya ake anali otchipa ngati tomato wa madzulo ku City Market. Pa tsamba lawo panali chithunzi cha mkulu wa kampaniyo: chipewa choyera cha kumgodi, magalasi akuda, m'manja atanyamula mwala wonyezimira. Pansi pake analemba kuti atsala pang'ono kufika pamene pali golide weniweni.

"Aba bakangofika pa gold, shares zizauluka," anatero mnzangayo. "Wamene alowa manje ndiye azaseka."

Ife tinali ndi ndalama zimene tinasunga zaka zingapo kuti tigule puloti ku Chunga. Amake Dalitso ndi namwino, munthu wosakhulupirira chinthu asanachigwire ndi manja. Ngakhale chinanazi amayamba achinunkhiza. Ndinawanyengerera mpaka malovu kuuma, ndipo tsiku lina atatopa nane anagonja, akunditchula monga mwa kwawo kuti bashi Dalitso, ndiko kuti bambo a Dalitso.

"Bashi Dalitso, nakupasani chance imozi chabe. Mukaluza, tizakalamba pa ma stairs aya."

Ndinagula masheya ndi ndalama zonse za puloti.

Kuyambira pamenepo mapazi anga sankagundanso pansi. M'mawa uliwonse ndinkatsegula foni n'kupereka moni kwa mkulu wa chipewa choyera uja. Mtengo wa masheya sunkasuntha, koma ndinkati mvula ikamachedwa ndiye kuti ikusonkhanitsa mitambo. Loweruka ndinkakwera minibasi mpaka ku Woodlands, n'kulowa wapansi ku Kabulonga kukasankha nyumba. Kumeneko ngakhale agalu amauwa mwaulemu. Misewu ya mithunzi, makoma ataliatali, madzi akuthirira kapinga okha popanda wogwira paipi. Ndinkayenda manja kumbuyo, ndikuweruza. Geti iyi ayi, yachepa. Iyi ndi yabwino, koma penti ndidzasintha.

Ndiye ndinaiona. Geti yobiriwira, denga lofiira lodzaza masola, mtengo waukulu wa kotapela utaweramira kumsewu, ndi chikwangwani choti ikugulitsidwa. Ndinaimba nambala ya ejenti kuti ndingomva mtengo basi.

"Ba Sakala pa line. Nikamba na bandani?"

"Ndine Tembo. Nifuna chabe kuziba price ya nyumba ya green gate."

Anatchula mtengowo. Ndinagwira khoma.

"Muchita chani imwe ba Tembo, ngati ningafunse?"

Apa mpamene ndikanati ndine kalaliki. Koma pakamwa panatuluka zina.

"Nili mu gold."

Mawu a ba Sakala anafewa nthawi yomweyo.

"Ah, boss! Bene ba nyumba bazakondwela maningi. Saturday mubwele na ba madam. Nizakutengani na motoka yanga."

Kunena kuti adzatitenge ku Kabwata ndinachita manyazi, ndiye ndinati tikakumane pomwetsera mafuta ku Woodlands, chifukwa galimoto yathu ili ku service. Galimoto imeneyo ili ku service chibadwire changa.

Amake Dalitso poyamba anakana.

"Tiyende kukaona nyumba yamene sitingagule olo gate yake?"

"Kuona ni mahala. Tizibe chabe vamene vibwela kusogolo."

Anavala diresi lawo la kutchalitchi, namanga chitenge chatsopano pamwamba, n'kunena kuti akungondiperekeza kuti ndisasochere.

Mwini nyumba, ba Mwape, anatilandira okha pa geti. Anali bambo wamfupi wadazi, wa maso otopa, atavala patapata. Anandigwira dzanja ndi manja awiri osafuna kulisiya. Pakhonde anali atakonza tiyi, masikono ndi soseji yootcha kumene.

Tinayendera zipinda. Ine ndinkagogoda makoma ndi chala ngati ndikudziwa chimene ndikumvera. Koma amene anandidabwitsa ndi amake Dalitso. Atalowa kukhitchini anatsegula mpopi, madzi n'kutuluka mwamphamvu, otentha. Anatseka. Anatsegulanso. Kenaka anaima pa windo loyang'ana ku mtengo wa kotapela, n'kuyamba kuliyeza ndi mikono.

"Apa ma curtain ya cream," ananong'ona. "Dalitso azagona room ija ya ku corner. Bamayo bakabwela kuchoka ku Kasama sibazagonanso pa sitting room."

Zaka zonse za ukwati wathu ndinali ndisanawaonepo akulota. Ndinanyada, ndipo ndinawakonda kwambiri nthawi imeneyo. Ndinadziuza kuti mkulu wa chipewa choyera sangatikhumudwitse.

Titakhala pakhonde, ba Mwape anatsitsa mtengo wa nyumba ndisanapemphe n'komwe. Ine ndinangokhala chete chifukwa soseji inali m'kamwa. Iwo anayesa ndakana, anatsitsanso. Ndinamwera tiyi. Anawonjezera mipando ya pabalaza. Ndinatsokomola, anawonjezera jenereta. Ba Sakala thukuta linali kamukamu, akunditsinzinira diso kuti boss mwafinya mokwanira.

"Nizakamba zoona, ba Tembo," anatero ba Mwape. "Nyumba iyi nimaikonda, bana banga bakulila muno. Manje nili na project yamene yaimilila, ifuna cash fast. Ba Sakala baniuza ati muli mu gold. Naine nilimo. Kapena ni Mulungu wakutumani."

Ndinasanjikiza miyendo.

"Gold ifuna patience, bakalamba," ndinawalangiza, ine kalaliki wa inshuwalansi. "Ise company yathu yasala chabe pang'ono. Any time tifika."

"Company iti?"

Ndinatulutsa foni monyada n'kuwaonetsa chithunzi chija.

"Aba ndiye ba director bathu. Munthu wa nzelu maningi. Timamvana bwino."

Ba Mwape anayang'ana foniyo nthawi yaitali. Kenaka anaika chikhatho pamutu kuphimba dazi, n'kunditembenukira.

Mphuno yomweyo. Chibwano chomwecho.

"Ndine uyo," anatero.

Supuni ya amake Dalitso inaleka kuzungulira m'kapu.

"Manje mine yathu?" ndinafunsa.

"Ndiye project yamene nikamba. Machine yokumbila inaima kudala, bene bake bafuna ndalama zao. Koma gold ilimo, ba Tembo. Nimaimvela mu mtima."

"Na mwala uja wa pa picture?" ndinafunsanso.

Analoza ndi chibwano. Mwala wonyezimira umene ndinkauyang'ana m'mawa uliwonse unali pansi, utatchinga chitseko cha kukhitchini kuti mphepo isachitseke.

Anandifunsa kuti ndili ndi masheya ochuluka bwanji. Nditawauza, ba Sakala anaimirira mwakachetechete n'kupita kukayang'ana matayala a galimoto yawo.

Munthu wanzeru akanatsazika pomwepo. Koma maso a ba Mwape anawala mwadzidzidzi, ndipo kuwalako ndinakuzindikira, chifukwa ndimakuona pa kalilole ndikamameta ndevu. Anasendeza mpando kufupi ndi ine.

"Mvelani, partner. Mukagula nyumba iyi, machine izayamba. Machine ikayamba, tizapeza gold. Tikapeza gold, shares zanu zizakwela. Zikakwela, muzakwanisa kugula nyumba!"

Manyazi anga enieni ali apa. Sindinaseke. Sindinakwiye. Ndinatsamira mpando, ndinayang'ana masamba akugwedezeka pamwamba pa denga lofiira lija, ndipo ndinagwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Mm. Ili na sense."

Amake Dalitso anaika kapu pa tebulo. Sanakalipe. Anamasula chitenge chawo chatsopano, anakachiyala pansi pa mtengo, n'kutenga nsungwi yaitali imene inatsamira khoma. Tinangomva thi, thi, thi, makotapela akugwa.

"Ba madam, muchita chani?" anafunsa ba Sakala ali kumatayala.

"Nitenga dividend," anayankha osacheuka. "Ndise ma shareholder."

Ba Mwape anadzuka, anakonza patapata, n'kupita kukawagwirira nthambi.

Ba Sakala sanatibwezenso. Anati galimoto yayamba kulira zachilendo, ayenera kuthamangira nayo ku service. Tinayenda wapansi mpaka ku Woodlands, ine nditasenza mtolo wa makotapela paphewa la jekete yanga ya ukwati, agalu aulemu aja akutiuwa ngati agalu ena onse. Kumeneko tinakwera minibasi. Pokwera masitepe a ku Kabwata amake Dalitso anaima pakati kuti apume, dzanja lili pakhoma.

"Ma curtain ya cream sembe yanaoneka bwino pa window paja," anatero motsitsa mawu.

Bola akananditukwana. Mawu amenewo anandipweteka kuposa chilichonse chimene chinachitika tsikulo.

Makotapela aja anapsa onse nthawi imodzi. Amake Dalitso sanapatseko oyandikana nawo ngakhale limodzi. Ankandiikira pa buledi m'mawa, lina m'chikwama cha kuntchito, lina linkandidikira ndikaweruka. Tsiku lina ndinadandaula kuti ndatopa nawo, m'mimba simukumvekanso bwino. Anakankhira mbale kwa ine.

"Malizani, bashi Dalitso. Musasiye olo ka piece. Ni plot ya ku Chunga iyo mukudya."

Ndinamaliza, n'kupala khungu lake ndi supuni.

Usanalote nyumba ya mwini mgodi, yamba wafunsa chimene akuigulitsira.