A Silas ndi Kiyi wa Chipinda cha Sayansi

A Silas, amene anali mlonda pasukulu ina ku Nsefu, ankadwala akaona chinthu cha boma chikungokhala. Munthu waulesi ankamulekerera, koma chitsulo chaulesi ayi.

Boma litamanga chipinda cha sayansi n'kutumiza zipangizo m'mabokosi, mphunzitsi wake sanafike. Akuti atamva za njovu ndi kutentha kwa kuchigwa anatsikira pa Jumbe n'kubwerera. A Edith, ahedi a pasukulupo, anakhoma chipindacho n'kupereka kiyi kwa mlonda. Apo ndiye analakwitsa.

M'kabokosi koyera kosungiramo zoyezera kutentha, kamene kanaima pabwalo ndi miyendo yake italiitali, a Silas anaikamo nkhuku yawo kuti ifungatire mazira, poti anyani sankatha kukatsegula. Galasi lokulitsa zinthu linasanduka machesi oyatsira fodya. Sikelo inkayeza nsomba zouma m'mawa, masana n'kuyeza makanda a m'mudzi. A Edith akawadzudzula, iwo ankavula chipewa, kuvomera zonse, kenaka n'kufunsa ngati timabotolo tija tili ndi ntchito sabata ino.

Ndiye kunabwera chaka chimene njovu zinkatuluka m'gemu, nkhalango yosungiramo nyama, n'kumaphwasula nkhokwe ngati madengu akutha. Asilikali a gemu ankafika zitapita kale, n'kuwombera m'mwamba. A Edith pochokera kutchuthi anapeza chipinda cha sayansi chitadzaza matumba a chimanga cha mudzi wonse mpaka m'mawindo, zipangizo zitakhala pamwamba ngati alendo. Anafuna kukalipa, koma anakumbukira kuti chimangacho chinali chakudya cha ana omwe ankawaphunzitsawo. Anatseka chitseko mwakachetechete.

Posakhalitsa kunafika woyendera masukulu kuchokera ku Chipata. Atangotsegula, thumba linamugwera pansapato.

"Madala, n'chiyani chimenechi?"

"Sayansi, bwana," anatero a Silas. "Tikuyesa ngati njovu imatha kutsegula loko. Mpaka lero ikulephera."

Bwanayo sanaseke. Anauza a Edith kuti chimanga chituluke ndipo mlonda achoke, apo ayi achoke iwowo. A Edith anali ndi ana awoawo oti adye. Nkhaniyo anakawauza okha a Silas pakhonde, maso ali pansi.

"Musadandaule, amayi. Kiyi nayu. Koma lokoyo muziithira mafuta, imachita dzimbiri ikamangokhala."

Matumba aja a Silas anawasenza okha kubwezera eni ake, khomo ndi khomo, akupepesa ngati ndiwo anaitana njovu. Mwezi usanathe nkhokwe zambiri zinali pansi. M'makalasi ana anayamba kuchepa, ena atapita kutchire kukatola zipatso, ena akungogona kunyumba. A Silas chifuwa chinawatenga mvula isanagwe, ndipo pamaliro pawo anthu anaseka pang'ono pokumbukira zochita zawo, n'kusiyira panjira.

Chipindacho chilipobe, chosesedwa, chokhoma, chilichonse pamalo pake. Palibe amene amakalipiridwa pasukulupo masiku ano. Nthawi yokolola ikafika, a Edith amapachika kiyi pamsomali wa pakhonde, poonekera bwino, n'kupalasa njinga kukachita zinthu zosafunika kutali. Pobwerako amamupeza ali pompo. Azimayi amadutsa ndi madengu a chimanga pamutu, amati "Mwaswera bwanji, ahedi?" mwaulemu wonse, kiyiyo amamuona ndithu. Koma m'mudzimo simunatsale munthu wopanda manyazi woti n'kumutenga.