Mphuno Yanga Inakafika ku Joni

Anzanga, inu mumandidziwa ine Edina, kuti m'kalasi aphunzitsi akangoloza chala mbali yanga ndimayang'ana pansi ngati ndataya singano. Ndiye mundiuze, zinatheka bwanji kuti nkhope ya munthu ngati ine ionedwe ndi abale onse, kuyambira kuno kwa Milepa mpaka ku Joni? Ndikuuzani, koma musakanene kusukulu.

Achemwali anga a Felista ali ku Joni ndi amuna awo, chaka chachinayi chino. Mwezi wathawu anachira, mwana wamwamuna. Alamu anati dzina lichokere kuchikazi, ndiye kwathu wotchula dzina palibenso wina koma amalume a kwa Nchema, eni mbumba. Ubatizo unali Lamulungu, dzina linayenera kufika lisanakwane tsikulo. Achemwali anali atatumiza kale katundu pa basi, tabuleti ndi chinthu china chachitali m'kachikwama kakuda, ati sitandi yoimikapo tabuletiyo. Anati amalume asangotchula dzina pafoni ayi, tiwajambule vidiyo, mwanayo akadzakula adzaone nkhope ya amene anamutcha dzina.

Nanga wojambula ndani? Maso onse pa ine, poti ndine ndangoyamba Fomu Wanu. Amayi anati zimenezi si ndiye mumaphunzira kusekondaleko. Ndikanawauza bwanji kuti kompyuta imene taiona mpaka pano ndi yojambula ndi choko pabolodi? Koma ndinavomera, ndipo mumtima ndinakondwa, chifukwa ndinaganiza kuti ntchito ya munthu wamanyazi ndi imeneyi. Wojambula saoneka, amabisala kumbuyo.

Lachisanu ndinakatchajitsa tabuleti pa Milepa, magetsi n'kuthima batire lisanafike ndi pakati pomwe. Ndiye sindinayeserere chilichonse, kuopa kumaliza moto. Ndinangodalira zimene ndimaona atsikana a Fomu Folo akuchita, amayang'ana pagalasi la foni, n'kumadziona, n'kumapinda milomo. Ndinati basi, wojambulidwa amayang'anizana ndi galasi, nkhani yatha.

Loweruka m'mawa amalume anafika pa njinga yamoto ya mwana wawo, asuweni anga a Yohane, amene anangowatsitsa n'kupitirira kumsika. Abale, amalume aja timawaona ndi khasu m'munda wa nandolo! Ndevu ameta, nsapato zapolishi, jekete yakuda ija amavala paukwati pokha, ndi dzuwa la Okutobala limenelo. M'thumba la pachifuwa munali chipeso. Anakhala pampando pabwalo, n'kukana mthunzi wa mango, ati mumthunzi jekete sioneka bwino.

Ndinatulutsa sitandi ija. Inkaoneka ngati ambulera yothothoka nsalu. Ndinaikoka uku, ndinaikoka uko, mwadzidzidzi inangoti yanza, ine n'kuiimika pansi monyadira, timiyendo titatu tikuloza kumwamba. Amayi anafunsa ngati achemwali sanalakwitse, mwina n'chokhazikapo beseni. Amalume anayang'ana kanthawi, kenako anati mwaulemu wonse: "Edina, ine sukulu sindinapite nayo patali, koma chilichonse chamiyendo, miyendo imayang'ana pansi."

Ndinaitembenuza. Pamwamba pake pali chopanira cha sipuling'i, umachikoka kuti chiyasame, n'kulowetsamo tabuleti. Ndinachikoka ndi mphamvu zanga zonse, tabuleti n'kulowa theka, chopanira chija n'kubwerera khapa! pachala changa chachikulu. Mukudziwa ululu wa chitseko? Umenewo. Koma ungakuwe pamaso pa amalume? Ndinangomeza, misozi ili mbwembwembwe, amayi akufunsa ngati ndi fumbi, ine ee, fumbi.

Kenako ndinatalikitsa miyendo mpaka sitandi inandiposa msinkhu, chonsecho amalume ali chikhalire pampando. Pofupikitsa, mwendo umodzi unalowa wokha mpaka kumapeto, chinthu chonse n'kuyamba kupendekeka ngati munthu wochokera kumowa. Ndinaiwakha tabuleti ndi chifuwa itatsala pang'ono kumenya pansi. Amayi anagwira pamutu. Mwendo uja unakana kutulukanso, ndiye ndinauikira chiduswa cha njerwa, n'kuyang'anitsa galasi kwa amalume monga ndinaonera kusukulu.

Padzuwa galasi la tabuleti limangooneka bii. Ndinasuzumira cham'mbali, maso nditatsinzinira, ndinaona kabatani kofiira kakuoneka patalipatali, n'kukadina. Ndinafunsa amalume ngati akudziona. Anawerama, anakonza kolala, anadutsitsa chipeso kawiri.

"Ndikudziona bwinobwino, mpaka taye."

Inetu sindinadziwe kuti akuona chithunzithunzi chabe, monga umadzionera pazenera la minibasi.

Ndinapita kumbuyo kwa sitandi, kumalo anga obisala. Ndangoti ndiime, amayi anandiponyera diso lija mumalidziwa. Amalume akhala pansi, iwe mwana wamkazi uime njo pamutu pawo? Ndinagwada msanga. Ndipo pogwadapo nkhope yanga inalingana ndendende ndi kagalasi kakang'ono kozungulira kali kumbuyo kwa tabuleti, kamene ine ndinkayesa n'kokongoletsa basi. Ndikanaima, bwenzi kataona bulauzi yokha. Ulemu ndi umene unandipereka.

Amalume anatsokomola n'kuyamba. Inu mukuganiza anayambira padzina? Anayambira kwa makolo athu pamene ankachoka ku Mozambiki wapansi, mitolo pamutu, amene anabereka uje, uje n'kubereka uje. Mbiri imeneyi ndaimva pamaliro aliwonse ndi pachinkhoswe chilichonse, ndimaidziwa kuposa matebulo a masamu. Ndiye poti ndinali wobisika, ndinamasuka. Ndinayamwa chala chopanidwa chija. Ndinayasamula, kukamwa konse. Ntchentche inatera pamphuno, ndinaithamangitsa pouzira mpweya m'mwamba ndi mlomo wam'munsi. Kenako ndinayamba kutsatira mawu a amalume ndi milomo, osatulutsa mawu, mpaka kugwedeza mutu ndi kukweza nsidze mmene amachitira iwowo. Ndiye ndinaona kuti kagalasi kaja kali ndi fumbi. Ndinati katundu wa achemwali asade. Ndinayandikira, n'kukauzira mpweya haaa, n'kukapukuta ndi nsonga ya chitenje, n'kusuzumiramo ndi diso limodzi kuti ndione ngati kayera.

Nthawi imeneyo n'kuti amalume afika penipeni. Anawongola jekete, mawu n'kutsika.

"Felista mwanangu, mwanayo dzina lake ndi Takondwa. Ndipo atenge nkhope mukuionayi, nkhope ya kwathu, makamaka mphunoyi."

Amayi analulutira pang'ono. Ine ndinadina batani, n'kuona batire lafiira. Kuonera kaye vidiyo? Moto wake uti? Ndinathamangira pachulu cha kuseri kwa nyumba, pamene timapezera netiweki, n'kuitumiza pagulu la pafoni la abale onse, la ku Joni, ku Limbe, ku Zomba konse. Itangomaliza kupita, tabuleti inathima. Ndinatsika pachulu paja ndikuyenda ngati dokotala.

Amalume anali akumwa tiyi ndi chinangwa pamene a Yohane anabwera. Njinga anaiimika movutikira, mapewa akugwedezeka. Anagwada pafupi ndi bambo awo, foni ili m'manja, n'kufunsa kuti kodi ometa aja anawameta bwanji mpaka kusanduka Edina.

Tinaunjikana pansi pa mango. Vidiyo inayamba ndi chinthu chakuda chokhala ndi mauna awiri. Amayi anafunsa kuti n'chiyani chimenecho. Chinthucho chinabwerera m'mbuyo pang'ono, n'kukhala mphuno yanga. Mawu ndi a amalume, omveka bwino ngati pawailesi, koma nkhope ndi yanga, chala chili m'kamwa. Makolo akuwoloka mitsinje, ine ndikuyasamula. Uje akubereka uje, ine ndikulimbana ndi ntchentche. Pofika poyerekeza paja, milomo yanga inkagwirizana ndi mawu awo mwakuti umangoona ngati mtsikana wa Fomu Wanu wameza mkulu wa mpingo. Kenako kukamwa kwanga kunadzaza foni yonse, haaa, chifunga, chitenje, diso. Ndipo pamene mawu ankati makamaka mphunoyi, mphuno ija inali itabweranso, yokhayokha, kuchokera kuno mpaka uko.

Jekete sinaoneke ngakhale batani limodzi.

A Yohane anali atagona pansi. Amayi anabisa nkhope m'chitenje, sindikudziwa ngati chinali chisoni kapena chiyani. Amalume okha anapitiriza kumwa tiyi wawo. Ine ndinalakalaka nditasanduka nyerere. Ndinagwada, n'kunena kuti ndikatchajitsa tibwereze. Anapukusa mutu, ati dzina satchula kawiri, si malonda a tomato. Apa ndinadziwa kuti ndawononga chinthu chimene achemwali anachifunitsitsa, ndipo misozi inayamba yeniyeni, osati ya fumbi.

Foni ya a Yohane inalira, uthenga wamawu wochokera ku Joni. Poyamba kunali kuseka kokhakokha, alamu akumveka kumbuyo akutsokomola. Kenako kuseka kuja kunasintha, achemwali akufwenthera.

"Amayi, Edina wakula chonchi? Zaka zonsezi ndikaimba amathawa foni, chithunzi amakana. Lero ndamuona mng'ono wanga mpaka m'kamwa. Amalume, dzina talilandira, Takondwa. Vidiyoyi musabwereze, ndi yomweyi."

Amalume anaika kapu pansi. Anandiitana, anagwira chala changa chotupa chija, anachiyang'ana uku ndi uku, n'kuchiuzira ngati ndine mwana wa zaka zitatu. Anati jekete yawo ndiye yapsa ndi dzuwa pachabe, koma chimodzi chawasangalatsa: sanadziwe kuti m'banja muno muli munthu amene anasunga mbiri ija mutu ndi mchira, osaphonya ngakhale dzina limodzi. Ati kuyambira lero pachinkhoswe iwo akatopa, ndiziimirira ndine. Ine! Chilango china chimabwera chitavala ngati mphatso.

Sabata yatha achemwali anatumiza chithunzi cha Takondwa atavala zoyera za ubatizo. Amayi anachiyang'ana, n'kundiyang'ana ine, n'kuchiyang'ananso. Anangoimbira amalume kuti mwana uja watengadi zimene anauzidwa. Amalume anayankha kuti mawu a mwini mbumba sagwa pansi, vuto ndi loti anagwera pamphuno yolakwika.

Ndiye Takondwa, ukadzakula udzandikhululukire, amayi ako aang'ono ankangofuna kupukuta fumbi. Koma ine ndalumbira, chinthu chilichonse cha maso awiri sindidzachigwadiranso ndisanafunse kuti likupenya ndi liti.