Nyumba Yabata ya pa Chitakale

Mpaka lero munthu akandiuza kuti "malo ake ndi a zii", mtima umandiwira. Ndikuuzani chifukwa chake, museke mukafuna.

Ine ndine mkamwini ku Likhubula. (Amene simunalaweko chikamwini khalani chete, simukudziwa kanthu.) Ngakhale peyala la mumtengo umene unadzala wekha umachita kuyang'ana uku ndi uku usanathyole. Ndiye nditapeza ntchito m'sitolo ya simenti ndi malata pa Chitakale, ndinati basi, ndawomboka. Atsibweni a mkazi wanga, eni mbumba, anandiuza mosapsatira: "Mbumba yathu itengeni, koma kukhale kwabata koti khanda lizigona, ndipo mkulu wake Tadala akhale ndi posewerera. Zikapanda kutero, onse abwerera kuno."

Ndinapeza ejenti wa nyumba, wovala jekete dzuwa likuswa mtengo. Anandionetsa nyumba ya zipinda ziwiri, kutsogolo kuli kabwalo kosesedwa bwino, pakati mtengo wa mango. Kunali zii! Ndinkamva ngakhale njiwa zikulira kutali.

"Achimwene, kuno kumakhala chonchi?" ndinafunsa.

"Bwana, mukudzimvera nokha. Ine ndinenenso chiyani?"

Mwaona kuchenjera kwake? Sananame ayi, tambwali ameneyo. Kuseri ndinaonadi kanyumba kotseka, khoma lake litayera mbuu, koma ndinangoti mwini wake ndi munthu wokonda laimu.

Tinasamuka Loweruka. Amake Tadala anazungulira nyumba yonse nati, "Koma abambo, apa mwayesetsa." Khanda linagona, Tadala n'kumathamangitsa mpira wake wamapepala pabwalo paja. Ine ndinakhala pakhonde miyendo tambasu, ngati bwana wa ku esiteti.

Dzuwa litapendeka, ana a dera lonselo anakuwa pamodzi: "Ayakaaa!"

Abale anga, kanyumba koyera kaja n'chigayo! Chinangoti gu-gu-gu, makapu m'nyumba n'kuyamba kuvina okha. Kumanzere wowotcherera zitsulo anayamba kucheka mageti. Kumanja chipinda choonetsa kanema chinatsegula zipolopolo. Kutsidya kwa msewu bala inayatsa nyimbo, ndipo a tchalitchi china, posafuna kugonja kwa Satana, anakweza masipika awo mpaka mapeto. Posewerera Tadala paja panadzaza matumba a chimanga, amayi okangana za mzere, ndi njinga za kabaza zodikira katundu. Khanda linalira, koma tinkangoona kukamwa kokha.

Nyumba ndinaiona magetsi atathima. Basi, nkhani yake ndi yomweyo.

Ndinamusaka ejenti uja mpaka ndinamupeza akudya chiwaya. "Iwe, bwanji sunandiuze za chigayo?"

"Bwana, munandifunsa za chigayo?"

Anandilozeranso mbatatesi kuti ndidyeko. Chipongwe chake!

Kenako uthenga unafika kuti atsibweni akubwera Lachitatu kudzaona mmene mbumba yawo ikukhalira. Ine, munthu wamkulu, wa mpingo, ndinagwada pansi kupempherera kuti magetsi athime. Ndinalibe nkhawa kwenikweni, poti magetsi athuwa amathima ukangoika foni pa tchaja, amathima pa ukwati, amathima mpira uli mkati. Koma tsiku limenelo, tsiku limodzi lokha limene ndinafunitsitsa kuti athime, anayaka kuchokera m'mawa osaphethira ngakhale pang'ono. Ndi ufiti wanji umenewu?

Atsibweni anakhala pampando, tiyi m'manja, pansi pakunjenjemera.

"Mwayenda bwanji, atsibweni?" ndinakuwa.

"Mwati chiyani?"

"Ndati kuno n'kwabwino! Sikukhala chonchi masiku onse!"

Nthawi yomweyo Tadala analowa kuchokera kosewera, atayera ndi ufa kuyambira tsitsi mpaka kuphazi. Atsibweni anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anamufunsa kuti ndi mwana wa ndani. Atazindikira kuti ndi mdzukulu wawo, anaika kapu pansi, nalozera amake Tadala zikwama. Sanayankhule nane. Ngakhale akanayankhula sindikanamva.

Pano ndinabwerera ku Likhubula, m'kanyumba kanga kakale ka pachikamwini, ndipo ku ntchito ndimapalasa njinga tsiku ndi tsiku. Ndaphunzira kuti nyumba ya m'tauni uziiona magetsi akuyaka, koma nzeru imeneyi ndiigwiritsa ntchito kuti, poti chilolezo chosamuka anandilanda? Chimene chimandipweteka kwambiri ndi apongozi anga aakazi. Ufa ukatha amaima patali, nkhope atayang'ana kumbali mwaulemu wonse, n'kuuza mwana wawo mokweza:

"Tawauzani abambo a Tadala anyamuleko thumbali popita ku ntchito. Paja a kuchigayo amadziwana nawo."