Msonkhano wa pa maliro a mwamuna wanga

Lolemba
Zikhomo zofiira m'munda mwanga, m'mbali mwa msewu kuno ku Chinyunyu! Akuti ba Sakala a ku Lusaka amangapo malo omwetsera mafuta. Wawagulitsa mundawu ndi mlamu wanga Yotamu, mng'ono wa malemu bambo a ana. Chilolezo chatuluka kale. Ine sindigonja. Mawa ku boma, ku Rufunsa.

Lachiwiri
Minibasi, mzere, njala. Mtsikana wa ku ofesi ya mapulani ndi waulemu: "Amai, chilolezo sichituluka ngati anthu a pamudzi sanavomere pa msonkhano." Msonkhano uti? Akundionetsa chithunzi chimene ba Sakala anapereka. Khamu pansi pa mtengo wa mango, likuomba m'manja. Mtengowo ndi wa pakhomo panga. Ineyo ndili pakona, duku lakuda, maso otupa. Ndi maliro a mwamuna wanga! Tinkaombera matumba a ufa amene mlendo wina anabweretsa kudzapepesa. Ndalira pomwepo, pa benchi ya boma.

Lachitatu
Kusaka mboni zoti anali maliro.
Abusa: apita ku Chipata.
Amake Tisa, mnzanga wa kwaya: alembedwa kale ntchito yophikira omanga.
Yotamu: "Mulamu, nthaka ni ya banja lathu, imwe munabwela chabe."
Zaka zonsezi ndikuthyoka msana pamenepo, kubwera chabe!

Lachinayi
Ndapambana! Mboni sizinafunike. Mtsikana uja wakulitsa chithunzi, ngodya ya bokosi la maliro ikuoneka kuseri kwa abusa. Chilolezo chaimitsidwa. Ndadzigulira chitumbuwa chachikulu.
Ndikufunsa za mwini munda. "Iyo ni nkhani ina, amai. Ife tiona chabe za msonkhano." Pepala la mundawo ndilibe. Anatipatsa pakamwa apongozi anga, ndipo ali kumanda.

Lachisanu
Ba Sakala abwera okha, chipewa m'manja. "Tinalakwisa, amai. Mailo tizachita bwino-bwino." Akubwereka mthunzi wa mtengo wanga kuti mawa achitirepo msonkhano. Pakamwa panga pavomera ndisanaganize. Ulemu udzandipha.

Loweruka
Msonkhano weniweni. Mbuzi ziwiri, zakumwa, malonjezo a ntchito.
Ofuna: mudzi wonse, ena manja awiri.
Okana: ine.
Fanuweli, mwana wanga woyamba, wakweza dzanja theka, maso pansi. Amulonjeza ntchito yothira mafuta. Sindimuda, chimalizireni sukulu amangokhala. Koma zawawa, zawawa zedi. Ajambulanso chithunzi, ndipo chino chilibe cholakwika.

Lamulungu
Ku tchalitchi sindipita. Thirakitala yosalaza ibwera mawa. Ndikukumba mbatata zosakhwima, zina ngati zala za mwana. Fanuweli akutolera. Mizere iyi anaunda bambo ake asanadwale, yokhotakhota monga mwa masiku onse, ndipo ndinawakalipira. Womaliza ndausiya, khasu likukana. Aufafanize okha.